Timipanda Tisanu ndi Tiwiri ta Amalire

Mukalowa m'sitolo n'kuona sopo ali pamzere wake, shuga pamzere wake, musaganize kuti katundu ali ndi ulemu. Katundu ndi wamwano. Mukangomutembenukira msana, mapaketi a mchere amatsamira pa sopo, makandulo amagudubuzika kukacheza kwa machesi, ndipo pofika masana shelefu yonse imakhala ili piringupiringu. Chimene chimamuweta ndi timipanda tating'ono toima pakati pa mzere ndi mzere, totsetsereka pa kanjanji ka kutsogolo kwa shelefu. Mukakatsina m'munsi, kampandako kamasuntha. Mukakasiya, kamaluma kanjanji n'kukhala pomwepo.

Pasitolo yaikulu ya pakona, pamene mabasi amakhotera, panali mayi wina amene anaweta katundu motere kwa zaka makumi atatu ndi zitatu. Dzina lawo lenileni linali m'mafayilo a mu ofesi basi. Anthu onse ankangoti Amalire, chifukwa mayiwa ankatha kusiya kapu ya tiyi ikuzizira akangoona kuti paketi imodzi yadumpha malire. Anali aafupi, a mapewa otambalala, ndipo sankayenda pang'onopang'ono ngakhale popita kukapuma. Ogwira ntchito atsopano ankawaopa mlungu woyamba, kenako ankazolowera. Phunziro lawo linali limodzi, ndipo ankalibwereza mpaka anthu kutopa nalo: kampanda kayenera kusuntha. Lero sopo wabwera wonenepa, mawa abwera wowonda. Womata kampanda pamalo amodzi, ankatero, ndi munthu amene sanayalepo katundu.

Pamene ankayamba ntchito, ali mtsikana, timipanda ta pulasitiki kunalibe. Ankadula makatoni ndi mpeni n'kumawaimika pakati pa katundu, koma nthawi ya mvula makatoniwo ankafewa n'kugona. Tsiku lina kunabwera kalipentala wina kudzakonza kauntala. Anayang'ana makatoni aja, n'kuseka mokweza mosaganizira kuti mwiniwake ali pambuyo pake.

"Mwaseka mokwanira?" anafunsa Amalire. "Tsopano onetsani zanu."

Mlungu wotsatira kalipentala anabwera ndi timatabwa topyapyala ndi kathabwa kena kautali kokhala ndi ngalande pakati, koti timatabwato tiziyendamo. Zinagwira ntchito tsiku lomwelo. Koma munthuyu anabweranso Lachitatu kudzaona ngati zikutsetsereka bwino, Lachisanu kudzapala pena pamene ankati pakukhula, Lolemba kudzaona pamene anapala paja. Abwana akulu, eni sitolo, anapirira mwezi wathunthu.

"Kalipentala iwe," anatero pomaliza, "shelefu inachira kalekale. Ngati wodwala ndi iwe, nena."

Ananenadi. Anakwatirana chaka chomwecho, n'kukhala m'nyumba ya zipinda ziwiri pamsewu womwewo, mbali yoti munthu safunika kuwoloka msewu popita kusitolo. Anabereka ana aakazi awiri, amene anakula n'kupita kumaukwati awo. Timipanda ta pulasitiki titafika, Akalipentala anatigwiragwira monyoza, koma anavomera ndi mawu a pakhosi kuti timatsetsereka bwino kuposa tawo.

Kenako matenda a shuga anawadya maso. Zinayamba ndi chifunga, iwo n'kumanena kuti magalasi ndi akuda. Atadzicheka chala chachikulu ndi sowo, analonga zida zawo zonse m'bokosi, n'kulikankhira kunsi kwa bedi. Anakhala pakhonde miyezi isanu ndi itatu, manja ali pamaondo. Ana ankabwera kudzawaona, ankawathirira madzi, ankawagwira pachigongono popita kubafa. Kugwidwa pachigongonoko ndi kumene kunkawapha. Munthu amene ankayeza thabwa ndi diso lokha, lero aziuzidwa kuti kwezani mwendo pali sitepe.

Loweruka lina, osauza munthu, anatenga ndodo n'kuyenda okha mpaka kusitolo. Anagwetsa mabotolo awiri, ndipo anabwerera kunyumba ndi paketi ya sopo waufa akuyesa shuga. Amalire anaona zonsezo ali kuseri kwa mashelefu, ndipo sanatuluke, chifukwa ankawadziwa amuna awo. Bambowo anakhala masiku awiri osalankhula.

Lolemba lake, Amalire anakhuthula shelefu yoyamba ya kumanja mukangolowa pakhomo, ija yofika m'chiuno. Anaikapo timipanda tisanu ndi tiwiri, ndipo pakati pake anayala zinthu zisanu ndi chimodzi zimene nyumba siitha mlungu popanda izo: mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, sopo ndi makandulo. Pamwamba pa kampanda kalikonse anadula mano ndi mpeni wa kukhitchini. Ka mchere dzino limodzi, ka shuga mano awiri, mpaka ka makandulo mano asanu ndi limodzi. Komaliza anakasiya kosalala, kuti chala chidziwe kuti shelefu yathera pamenepo. Kunyumba sananene zambiri.

"Masiku ano mchere tauika pafupi ndi khomo," anatero akupukuta mbale. "Kumanja."

"Oho," anayankha Akalipentala.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse m'mawa bambowo ankavala jekete yawo, kutenga ndodo ndi chikwama, n'kupita kukagula zapanyumba okha. Mlonda ankawapatsa moni osawagwira. Mayi wolandira ndalama pa tilu ankawaseka kuti makandulo akugulira chiyani, iwo n'kuyankha kuti amagulira anthu osauka amene sangathe kuyenda mumdima. Amalire ankakhala kutali, akunamizira kupukuta zitini. Zinayenda choncho zaka zisanu, ndipo abwana akulu, amene ankaona zonse, sanafunsepo kanthu.

Maondo a abwana akulu atawakana, sitolo anaisiya m'manja mwa mwana wawo wamwamuna amene anali atangomaliza maphunziro a zamalonda. Tisamunamizire, sanali munthu woipa. Ankapereka moni, ankadziwa amene ali ndi mwana wodwala. Vuto lake linali pepala. Ankayenda nalo paliponse, chipepala chachikulu chojambulidwa shelefu iliyonse ndi muyeso wa mpata uliwonse, moti asanathe mlungu anali atapatsidwa kale dzina lakuti Apepala. Pepalalo linkati shelefu ya pakhomo ndi malo a mabisiketi, maswiti ndi mafuta onunkhira. Mchere ndi machesi zipite kumapeto kwenikweni, kuti munthu wofuna mchere ayende sitolo yonse, mwina maso angamunyenge n'kugula zina.

Anasintha shelefuyo tsiku limene Amalire anali kopuma. M'mawa mwake mayiwa anaima pakhomo, chikwama chili m'manja, akuyang'ana mabisiketi pamalo pa mchere. Timipanda tawo ta mano anakatipeza m'katoni ya zinyalala kuseri. Sanakangane ndi munthu. Anatitsuka, n'kubwezeretsa zonse mmene zinalili. Lachitatu Apepala anasinthanso. Lachinayi m'mawa Amalire anabwezeretsanso. Masana ake anaitanidwa ku ofesi.

"Amayi, khalani pansi," anatero Apepala.

"Ndaima bwino, abwana."

"Mwandiona ndikukula, ndipo ndimakulemekezani. Koma tandiuzani, tikulimbirana chiyani pashelefu imodzi?"

Amalire sankakonda kuyala nkhani za m'nyumba mwawo pamaso pa anthu, koma anafotokoza zonse: za maso, za mano a patimipanda, za Loweruka. Apepala anamvetsera bwinobwino, ndipo nkhope yawo inaonetsa chisoni chenicheni. Kenako anamwetulira ngati munthu amene wapeza yankho losavuta.

"Mukananena kale, amayi. Imeneyi si nkhani. Bambo akabwera, mlonda aziwagwira dzanja n'kuwazungulitsa sitolo yonse. Kapena mungolemba zimene akufuna, tiziwalongeratu m'jumbo, azingofikira kunyamula."

"Akafuna wowagwira dzanja, ali naye kunyumba," anatero Amalire. "Kuno amabwera kudzagula."

"Koma sitolo singayendere munthu mmodzi."

"Sindinapemphe sitolo. Ndapempha shelefu imodzi mwa makumi anayi."

Apa mtima wa Apepala unayamba kutentha. Achinyamata ophunzira amapirira zambiri, koma osati kuyankhidwa ndi munthu wovala epuloni chitseko chili chotsegula. Anatuluka, n'kukazula okha timipanda ta mano tija, kukatitsekera m'galimoto yawo. Pobwerera anaika patebulo timipanda tatsopano tosalala, pepala lija, ndi chubu cha guluu wamphamvu, uja amati akagwira chala mumapita nacho kuchipatala.

"Mawa tisanatsegule, muyale shelefu imeneyo monga mwa pepala, ndipo timipanda take mutimate. Ndatopa ndi zosunthasuntha. Mukaona kuti simungathe, mundisiyire epuloniyo pakauntala."

Amalire anali atatsala ndi zaka ziwiri zokha kuti apume pantchito mwaulemu. Zimenezi ankazidziwa iwo, ankazidziwanso Apepala.

Madzulo a tsikulo mapoto anavutika. Chivundikiro chilichonse chinkatera ndi phokoso, ndipo mphaka anaona kuti ndi bwino akadikire panja. Akalipentala anali pampando wawo pafupi ndi zenera, akumvetsera.

"Mapotowo sanalakwe," anatero.

"Ndani wanena kuti alakwa?"

"Mlonda anadutsa pano pochokera kuntchito. Wandiuza zonse."

Amalire anaima, chipande chili m'manja. Kwa zaka zisanu ankakhulupirira kuti amuna awo amayesa kuti mano aja anabwera nawo timipanda kuchokera kufakitale. Anafunsa mwa mawu otsika kuti anadziwa liti.

"Tsiku loyamba. Fakitale iti ingadule mano okhota choncho? Mumadula ngati mukusenda mbatata. Ndinangokhala chete kuti ndisakuchititseni manyazi."

Akalipentala anaseka pang'ono, koma kuseka kwawo sikunapite patali. Anapukuta nkhope ndi dzanja.

"Zisiyeni, mayi ake ana. Chitani zimene mwanayo akufuna. Zaka ziwiri si kanthu. Ine ndizikhala pakhondepa, mphepo yake ndi yabwino."

Mawu amenewo ndi amene anawapsetsa mtima Amalire kuposa zonse za mu ofesi. Anaika chipande pansi.

"Pakhonde? Ndinakuonani pakhondepo miyezi isanu ndi itatu, bambo inu. Ndinkachoka m'mawa muli pomwepo, kubwera madzulo muli pomwepo, ngati thumba limene wina waiwala. Ndinkalira m'bafa kuti musamve. Ndiye lero mukuti mphepo yake ndi yabwino? Mukafuna kubwererapo, mubwererepo chifukwa miyendo yakana, osati chifukwa cha mabisiketi."

Kenako Akalipentala anadzuka, n'kulowa kuchipinda akupapasa khoma. Kunamveka kukhukhuluzika kwa chinthu cholemera pasimenti. Linali bokosi la zida, limene silinatuluke kunsi kwa bedi kuyambira tsiku la chala lija. Anafufuza m'katimo, zitsulo zikulira, mpaka anatulutsa tupa wamng'ono wa makona atatu, wokutidwa m'kansalu ka mafuta.

"Poti mutu wanu ndi wouma, ndipo unali wouma kale ndisanakukwatireni, musakandichititsenso manyazi ndi mpeni wa kukhitchini. Bweretsani dzanja."

Anawagwiritsa tupayo, n'kuika dzanja lawo pamwamba pa la akazi awo. Anayeserera pa chivundikiro cha ndowa yakale. Kukankha kutsogolo kokha, osabweza. Katatu, dzino latha. Amalire analakwitsa kasanu, anakalipiridwa kasanu, ndipo chakudya cha madzulo chinapserera pang'ono.

Lachisanu anafika kusitolo mlonda akungotsegula geti. Anayamba ndi mashelefu ena onse amene anali asanasinthidwe, n'kuwayala monga mwa pepala, mpata uliwonse pamuyeso wake, kuti pasadzapezeke wonena kuti mayi wokalamba analephera kuwerenga chojambula. Atatha, anabwera pashelefu ya pakhomo. Anachotsa mabisiketi, maswiti ndi mafuta onunkhira. Anakhala pakatoni, n'kudula mano patimipanda tatsopano tija, kutsogolo kokha, katatu katatu.

Ndiyeno anayamba kuyeza, ndipo apa ndi pamene zaka makumi atatu ndi zitatu zinagwira ntchito. Sanayeze ndi tepi. Anayeza ndi katundu mwiniwake. Mpata wa mchere anaupanikiza kuti mulowe paketi imodzi chopingasa, osatsala ngakhale polowa chala. Wa machesi unali wa zala zitatu. Wa makandulo unali woti paketi iime chilili. Mipata yotereyi inali ngati nsapato yosokedwa pa phazi la munthu mmodzi: wina aliyense ikanamuthina kapena kumukhwepa.

Anatsegula chubu cha guluu. Zinawawawa. Moyo wawo wonse anaphunzitsa anthu kuti kampanda kayenera kusuntha, ndipo lero iwo omwe ndi amene ankakapha. Anadontheza guluu m'kanjanji, kukanikiza kampanda koyamba, n'kuwerenga chamumtima mpaka makumi atatu. Anachita chimodzimodzi kasanu ndi kawiri. Atamaliza anayala mchere, shuga, masamba a tiyi, machesi, sopo ndi makandulo, zonse zitayang'ana kutsogolo.

Apepala analowa akulankhula pafoni. Ataona shelefu ija, anadula foni osatsanzika.

"Amayi, ichi n'chiyani?"

"Munati ndimate, abwana. Ndamata."

"Ndinati monga mwa pepala."

"Mashelefu makumi atatu ndi asanu ndi anayi ali monga mwa pepala. Kayendereni ndi tepi yanu. Iyi yokha ili monga mwa munthu."

Apepala anagwira kampanda ka shuga n'kukoka. Sikanasunthe. Anakoka ndi manja awiri, kanjanji konse kanayamba kupindika, shelefu n'kulira, ndipo anasiya msanga. Anatola paketi ya mabisiketi kuti aiike mumpata wa mchere, koma inakana. Anaitembenuza chammbali, inakanabe. Mayi wa pa tilu anayamba mwadzidzidzi kufunafuna chinthu kunsi kwa kauntala, mapewa akugwedezeka.

"Mwaononga katundu wa sitolo," anatero Apepala. "Ndiitanitsa kanjanji kena."

"Itanitsani. Komaliza kanatenga miyezi inayi kuti kafike."

"Mukudziwa chimene mwachita? Zaka ziwiri zokha, amayi. Bwanji osangopirira?"

"Ndinawerenga, abwana. Zaka ziwiri zili ndi Maloweruka oposa zana. Sindikanatha kuwapirira."

Anamasula epuloni yawo, n'kuipinda bwinobwino monga ankapindira tsiku lililonse, makona kukumana ndi makona. Anaiika pakauntala, kutenga chikwama ndi tupa, n'kutuluka. Sanayang'ane m'mbuyo, osati chifukwa cha kulimba mtima, koma chifukwa misozi inali itafika kale m'maso ndipo sanafune kuti mwana amene anamuona akukwawa aione.

Loweruka m'mawa Akalipentala anavala jekete. Amalire anavala diresi yawo yoyendera, ndipo anadzimva achilendo kukhala mumsewu nthawi imeneyo opanda epuloni. Anali ndi mantha. Munthu wokwiya akanatha kukhuthula shelefu yonse n'kuisiya yopanda kanthu, kapena kuikokera kuseri. Njira yonse ankafuna kunena kuti mwina angobwerera, koma ndodo inkagogoda patsogolo mosakayika.

"Inu dikirani pano," anatero Akalipentala atafika pakhomo. "Muno simugwiramo ntchito."

Amalire anaima panja n'kusuzumira pagalasi. Shelefu inalipo. Mwana wa mwini sitolo, ngakhale akwiye chotani, sangalole shelefu ya pakhomo kukhala yopanda kanthu tsiku la Loweruka, ndipo m'mipata ija munalibe china chimene chikanalowamo. Mchere unali pamalo pake, machesi pamalo pake. Apepala anali chilili pambali pomwepo, pepala lawo litapindidwa kukhwapa.

Akalipentala anakhotera kumanja, n'kutambasula dzanja. Chala chinatera pakampanda koyamba, chinapeza dzino limodzi, ndipo anatenga mchere. Chinapita pa kachiwiri, pa kachitatu. Pa kachinayi chinaima nthawi yaitali, chikubwerezabwereza. Apepala anasendera pafupi, dzanja litatambasuka kulunjika pachigongono cha bambowo. Koma dzanjalo linaima m'malere, kenako linabwerera m'thumba.

Bambowo anamaliza, analipira, anakangana ndi mayi wa pa tilu za makandulo monga mwa nthawi zonse, n'kutuluka chikwama chili m'dzanja lamanzere. Amalire sanapemphe kuwanyamulira. Anayamba kuyenda limodzi, mpata wa munthu mmodzi uli pakati pawo.

"Ka machesi kaja," anatero Akalipentala atadutsa nyumba zingapo, "dzino lachitatu mwalikhotetsa. Munabweza tupa."

"Sindinabweze."

"Munabweza. Chala sichinama."

Kenako Amalire ananena chimene chinawalemera kuyambira dzulo lake.

"Lolemba ndilibe kopita, bambo ake ana. Ndipo pakatha miyezi inayi kanjanji kena kafika."

"Kafike," anatero Akalipentala, ndodo ikugogodabe. "Bokosi lija sindinalibwezere kunsi kwa bedi. Lolemba mudzuke msanga ndiyambe kukuphunzitsani ukalipentala, manja anu ndi okhota ndipo ntchito yowawongola ndi yambiri. Loweruka likubwerali mchere ukhala usanathe, koma ndidzapitabe."